Mmene a Zuze Analowera M'nyumba Mwawo Komaliza

Tadala ndi Yamikani, ana anga, mutu uno ndi wa ntchito. Za ubwana wanga ndazidumpha dala, chifukwa munalibe china koma mphere ndi mbuzi za eni. Tadala, wakhala ukundifunsa kuyambira uli Fomu 3 chifukwa chimene tinachokera Kumagalasi pakati pa temu, katundu ali pangolo, n'kukakhala m'khitchini mwa malume ako. Nthawi zonse ndinkakuyankha kuti mpweya wakumeneko sunkandiyanja. Linali bodza. Mpweya unali wabwino kwambiri.

Chaka chimene ndinasiya koleji

Ku koleji ya zauphunzitsi ndinakhalako chaka chimodzi ndi theka. Nditaona kuti zofunika ndazidziwa, ndinayamba kupezeka m'kalasi mwa apo ndi apo, ndipo akuluakulu a koleji anagwirizana nane kwathunthu, moti anandilembera kalata yondilola kuti ndisabwerenso. Ndinabwerera kuno ku Mwanza ndi sutikesi, tayi imodzi ndi Chizungu chambiri. Anthu anandipatsa dzina loti a Pulofesa. Sindinalikane, poti ndiyo satifiketi yokhayo imene ndinapeza.

Ntchito yanga yoyamba inali kumalire, pa kampani ina yothandiza madalaivala a mathiraki kuwolotsa katundu. Ndinkathamanga ndi mapepala kuchoka pawindo ili kupita pawindo ilo, n'kubwezedwa, n'kuyambiranso, mpaka tayi inasintha mtundu. Ndinathamanga choncho zaka zambiri, ndinakwatira mayi anu ndikuthamanga, inunso munabadwa ndikuthamanga. Kumeneko n'kumene ndinadziwana ndi a Zuze, dalaivala wa bwana Chikafa, mwini mathiraki. A Zuze anawoloka kuchokera tsidya la Zobue ali mnyamata, nthawi ya nkhondo, mudzi wawo utapsa. Anakwatira mayi Nanyoni, amenenso makolo awo anali atatha ndipo abale anabalalika. Zaka zonse banjali linkachita lendi ku Thambani, koma a Zuze ankagona m'thiraki masiku ambiri kuposa pamphasa. Akaima pamzere wa mathiraki masiku atatu, ankanditulutsira mutu pawindo n'kukuwa, akunditcha mnzawo m'Chipwitikizi, kuti, "Amigu, mapepala anga mwakazingira mtedza?" Ine ndinkayankha kuti ofesi yanga ikuunika nkhani yawo. Ofesi yanga inali mthunzi wa mtengo wa mango.

Chaka chimene bwana Chikafa anamanga Kumagalasi

Bwana Chikafa anapita ku Joni n'kukaona mmene anthu olemera amakhalira: nyumba zochepa zosanjikizana, aliyense n'kugula yake, koma geti limodzi, mpanda umodzi, kapinga mmodzi. Anabwera ndi pulani yake m'chikwama n'kumanga zomwezo pachitunda kuseri kwa boma, kumene phokoso la mathiraki limafika litatopa kale. Nyumba zinali zisanu ndi zitatu, zinayi pansi, zinayi pamwamba. Pansi panali matailosi oti munthu n'kumetera ndevu. Khonde la nyumba iliyonse yapamwamba linatchingidwa ndi galasi lokhuthala m'malo mwa khoma. Pakati panali dziwe losambiramo. Pageti panalembedwa dzina la Chizungu ndi zilembo za mkuwa, koma Mwanza yonse inkangoti Kumagalasi.

Bwana Chikafa anandiitanira m'galimoto mwawo.

"A Pulofesa, ndikufuna munthu wodziwa Chizungu koma wosakwera mtengo."

"Mwafika, bwana."

"Mudzakhala Estate Manager."

Ndinafunsa kuti pansi panga padzakhala anthu angati. Iwo anandipatsa ovolosi, chikwakwa, mpukutu wa makiyi ndi bokosi la masipanala. Koma anandipatsanso nyumba ya zipinda ziwiri kuseri, pafupi ndi thanki, ya malata osadontha, ya magetsi. Mayi anu ataiona anayendamo kawiri akugwira makoma. Yamikani, iwe unayatsa ndi kuzimitsa babu mpaka linapsa tsiku lomwelo.

Nyumba zitagulidwa, eni ake anapanga komiti, ndipo tcheyamani anali bambo Malunga a nambala 8, pamwamba kumapeto. Anali mwini kampani ina yakumalire, munthu waukhondo, wosakweza mawu, wodana ndi phokoso ngati matenda. Komiti inalemba malamulo makumi awiri ndi limodzi. Osasinja. Osakoleza mbaula. Osaweta nkhuku. Osayanika zovala pakhonde. Osaponda kapinga. Alendo asapitirire anayi. Lamulo la 14 linkati maliro asachitikire pamalopo. Pamsonkhano umene analikambirana ine ndinalipo, ndikugawa madzi akumwa. Mayi wina wa nambala 2 anafunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga wina atamwalira?" Bambo Malunga anavula magalasi awo n'kuwapukuta. "Kumochale, kutchalitchi, kenako kumudzi. Aliyense ali ndi kwawo. Anthu pano anagula bata, mayi. Pano ndi pokhala, si pofera." Onse anagwedeza mitu, poti onse anali athanzi. Amene anamasulira malamulowo m'Chichewa, kuti antchito ndi alendo asanamizire kusamva, ndine. Lamulo la 14 ndinalilemba ndi dzanja lomweli, ndipo ndikuvomera kuti ndinalimasulira bwino kwambiri.

Zaka zitatu zoyamba

Dziwe tinalidzaza kamodzi, tsiku lojambula zithunzi. Kenako madzi anayamba kuvuta, dziwe linatsika, linabiriwira, linalandira achule, mpaka linauma n'kukhala dzenje la matailosi. Magetsi akazima tinkadalira jenereta, imene tinkaitcha a Bwana chifukwa inkayamba ntchito ikafuna. Mafuta akasowa m'tauni, a Bwana ankapita kutchuthi, pampu inkaima, ndipo ine Estate Manager ndinkakweza ndowa pamasitepe kuti zimbudzi za anthu olemekezeka zigujumuke. Masitepewo ndinkawadziwa ngati mano anga: opapatiza, okhota pakati ngati chigongono, okhala ndi khoma uku ndi uku. Firiji ya nambala 7 inakwera itavulidwa zitseko. Sofa wa nambala 5 anakwera ali zidutswa, kalipentala n'kukamulumikizira m'nyumba. Palibe amene anaganizapo china, ngakhale ine wa koleji.

Musaganize kuti bambo anu anali munthu wabwino nthawi imeneyo. Lamulo ndinkalisunga. Ndinalanda mtondo wa wantchito wa nambala 3. Ndinamanga tambala amene mlendo wina anabweretsa ngati mphatso, ndipo mlandu wake tinauweruza kwathu Lamlungu. Choipa kwambiri chinali cha madzi. Mwezi wa Okutobala, mipopi yakumunsi itauma, amayi ankabwera ndi zigubu n'kuima kunja kwa mpanda, akuyang'ana ine ndikuthirira kapinga ndi paipi. Wina anati, "A Pulofesa, udzuwo umaphika?" Ndinayankha kuti ofesi yanga iunika nkhani yawo. Palibe anaseka. Ndinapitiriza kuthirira, chifukwa bambo Malunga anali pakhonde ndi nyuzi, ndipo nyumba ya zipinda ziwiri inali kumbuyo kwanga.

Kunali chete Kumagalasi, chete woti ukatsokomola unkapepesa. Anthu ankalowa ndi galimoto, geti n'kutsekeka, chitseko n'kutsekeka, makatani n'kutsekeka. Bambo wa nambala 4 anadwala milungu iwiri ali yekha, ndipo amene anadziwa ndine, chifukwa bini yake inali yopanda zinyalala.

Chaka chachinayi

Nambala 6, pamwamba, inagulidwa ndi namwino wina wogwira ntchito ku Mangalande, dzina lake Malita, kugulira makolo ake. Tsiku losamuka, pikapu itaima pageti, ndinamva mawu ochokera pamwamba pa katundu: "Amigu! Mpaka kuno mukadali pageti?" Anali a Zuze. Anali atapuma ntchito, atawonda, miyendo yotupa, koma pakamwa pali pomwepo.

Moyo wa Kumagalasi unawavuta ngati nsapato yatsopano. Mayi Nanyoni sankakhulupirira chitofu chamagetsi, choncho anabisa mbaula kubafa. Utsi unkatuluka pakawindo, ndipo ine ndinalembera komiti lipoti lakuti utsiwo ukuchokera kwa anthu akumunsi osadziwa malamulo. A Zuze ankakhala pakhonde kuseri kwa galasi tsiku lonse, khutu lili kumsewu waukulu. Thiraki ikasintha giya kutali, ankadziwa mwini wake. "Ameneyo ndi Matope. Tamvani mmene akuzunzira giya. Ndinamuphunzitsa ndine, koma mutu wake ndi tayala." Masana ankatsikira kwathu kudzasewera bawo kuseri kwa thanki. Bawo ndi masewera aphokoso, choncho tinkaika nkhomo m'maenje pang'onopang'ono ngati mazira. Munthu akakudyera, ankakunyoza monong'ona.

Tsiku lina, ali pakati pondidyera, anatulutsa makiyi m'thumba n'kuwaika pabawo.

"Amigu, mukuwaona awa? Ndagwira makiyi a mathiraki a eni, makiyi a nyumba za eni. Awa okha ndi anga. Mwana wanga analembetsa dzina langa papepala. Ine Zuze, mwini nyumba, pamwamba."

"Zikomo kwambiri, bwana landilodi."

"Ndiye tsiku langa likadzafika, musadzandichotse kumochale n'kundithamangitsira kumanda ngati katundu wochedwa. Mudzandilowetse m'nyumba mwanga. Ndidzagonemo, anthu adzandilire momwemo, ndidzatuluke ngati mwini wake."

"Pali lamulo la 14."

"Ndaliwerenga. Munalemba bwino." Anaseka mpaka kutsokomola. "Kwathu kunapsa, amigu. Ku Thambani nyumba ija mukukhala anthu ena. Lamulo lanu likuti kumudzi. Mudzi uti?"

Ndinaongola kolala ya ovolosi n'kuwauza kuti ofesi yanga idzaunika pempho lawo. Anati pulontu, kutanthauza kuti nkhani yatha, n'kundidyera nkhomo zonse za mzere wakutsogolo. Sindinalonjeze kanthu. Izi ndikufuna muzidziwe, chifukwa ena amati ndinalumbira. Ndinangochita nthabwala, ndipo munthu anaitenga ngati yankho.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, mwezi wa Okutobala

A Zuze anamwalirira kuchipatala Lachiwiri m'mawa. Masana mayi Nanyoni anafika pakhomo pathu n'kugwada pasimenti. Sanalire, poti ankadziwa kuti pamalopo salira. Anangoti, "Bambo, anzanu aja atisiya. Anandiuza kuti munagwirizana." Ndinayang'ana mayi anu, mayi anu anayang'ana pansi.

Ola lisanathe, bambo Malunga anandiitanitsa. Anandipatsa mpando, chinthu chimene sanachitepo zaka zisanu ndi chimodzi.

"A Pulofesa, tonse takhudzidwa. Komiti itumiza nkhata yamaluwa. Koma mukudziwa zimene zingachitike tikatsegula kamodzi. Madalaivala, amayi a mpingo, moto, nyimbo. Mawa wina adzabweretsa chinkhoswe, mkuja mbuzi. Ine sindikudana ndi malemuwa. Ndikuteteza chimene anthu anagula."

"Alibe kwina, bwana."

"Tchalitchi chilipo. Mochale ilipo. Makiyi a geti ali ndi inu, ndipo nyumba mukukhalayo ndi ya komiti. Ndanena momveka?"

Ananena momveka. Ndinaimbira bwana Chikafa, amene a Zuze anawayendetsera thiraki mpaka msana kupindika. Anati iwo anagulitsa nyumba zonse, mwini malo ndi komiti, ndipo foni ikumveka moduladula. Inkamveka bwinobwino.

Nditabwerera kunyumba ndinapeza mayi anu akusankha nyemba. Ndinawafotokozera zonse, mbali zonse ziwiri, ngati munthu wophunzira.

"Tadala ali Fomu 3," anatero. "Mvula ili pafupi. Tikagona kuti?"

"Ndiye mukuti ndisatsegule?"

"Ine sindinati kanthu. Ndangofunsa kuti tikagona kuti."

Ndinatuluka kukathirira kapinga, chifukwa ndi ntchito yokhayo imene ndinkatha kuganiza ndikuigwira. Ndinatsimikiza mtima kuti sinditsegula. Ndinakonzeratu ndi mawu oti ndikawauze mayi Nanyoni, mawu aulemu, okhala ndi Chizungu pang'ono. Nditabwerera, ndinapeza mayi anu atayala zitenje pansi, akumangamo mbale ndi zovala zanu.

"Amake Tadala, mukutani?"

"Ndikukudziwani," anatero, osatembenuka. "Bola ndimange ndekha bwinobwino kusiyana n'kuti adzatiponyere panja."

Mpaka lero sindidziwa ngati anandidziwadi kapena anandikankha. Ndinawafunsapo kamodzi patapita zaka, anandiuza kuti ndisawasokoneze akumvera wailesi.

Lachitatu cha m'ma fili koloko masana tinamva nyimbo ikukwera chitunda. Wina anali atayala kale masamba pamsewu, uku ndi uku kwa geti, monga timachitira kuti odutsa adziwe kuti pali zovuta. Patsogolo panali pikapu yonyamula bokosi, pambuyo amayi a mpingo ovala zoyera, pambuyo pawo madalaivala oposa makumi awiri amene anasiya mathiraki pamzere kumalire, motsogozedwa ndi a Matope aja ozunza giya. Bambo Malunga anatsika n'kuima pambali panga mkati mwa geti, fayilo ili kukhwapa. Pikapu inaima. Nyimbo inatsika. Mayi Nanyoni anali kutsogolo, pafupi ndi dalaivala, akungondiyang'ana kudzera m'zitsulo za geti.

"A Pulofesa," anatero bambo Malunga motsitsa, "ganizirani ana anu."

Ndinawaganiziradi. Ndinakuonani nonse awiri mutaima pafupi ndi thanki, Tadala uli ndi yunifomu. Kenako ndinapeza kuti kiyi ili kale m'loko. Ndinakankha geti mbali zonse ziwiri, mpaka kumapeto, ndipo pofuna kuti zioneke za ofesi ndinati, "Pempho lavomerezedwa." Pikapu inalowa.

Ndinkaganiza kuti chovuta chatha. Amuna asanu ndi mmodzi ananyamula bokosi n'kuyamba kukwera masitepe. Atafika pokhota paja, bokosi linakana. Anabwerera, analipendeketsa, linagunda khoma. Anayesa kulikweza pamwamba pa mitu, linagunda denga. Amene anajambula nyumbayo ku Joni anaganizira za dzuwa, za mphepo, za poimika galimoto, koma sanaganize kuti munthu wokhala pamwamba angadzafune kukwera atagona. Thukuta linali kuchucha, amayi anasiya kuimba, ndipo bambo Malunga anali chiimire pansi ngati munthu amene nyumba ikumuyankhulira. Mnyamata wina wa mpingo anati, "Tingoliimika chilili, likhota." Apo mayi Nanyoni analankhula koyamba.

"Ayi. Amuna anga aima pamzere moyo wawo wonse. Lero salowa choimirira."

Anatsitsa bokosi n'kuliika pamipando iwiri pabwalo. Ndi a Matope amene anayang'ana kumwamba, pakhonde la nambala 6, n'kundifunsa kuti, "Akulu, galasi ilo linamera pompo kapena anachita kumanga?" Linamangidwa ndi mabawuti asanu ndi atatu, ndipo sipanala yake, nambala 13, inali m'bokosi langa. Kutsegula geti ndikanatha kunena kuti anthu anandikakamiza. Kumasula galasi kunalibe bodza loti n'kubisalamo. Ndinakwera, ndinagwada pamene a Zuze ankakhala, ndinamasula mabawuti onse, ndipo amuna anayi ananyamula galasi n'kukaligoneka pabedi.

Madalaivala anathamangira kumsewu n'kubwera ndi malamba omangira katundu pathiraki. Poyamba anatsitsa masofa ndi tebulo, kuti pabalaza pakhale malo a amayi. Kenako anamanga bokosi malamba awiri, kumutu ndi kumiyendo, amuna asanu ndi atatu pamwamba akukoka, ena pansi akuwongolera ndi nsungwi kuti lisagunde khoma. Ntchito imeneyi ankaidziwa kuposa mmene abusa ndi aphunzitsi amadziwira zawo. A Matope ankalamula ngati ali padepoti. "Kumutu kaye! Kumutu! Iwe Jemusi, ukukoka ngati ukutunga madzi, muli munthu umo!" Bokosi litafika pakati linapendekeka, amayi anakuwa, ndipo a Matope, misozi ili m'masaya, anati, "Madala, gwirani giya, chitunda chatsala pang'ono." Linakwera bwinobwino, mopingasa, mpaka linatsetsereka pakhonde n'kulowa pachitseko chachikulu cha pabalaza. Mayi Nanyoni atamva kuti lagona pamphasa, m'pamene analira. Kulira kumeneko kunamveka Kumagalasi konse, m'nyumba zonse zisanu ndi zitatu, ndipo kanali koyamba kuti makoma aja amve munthu akulira mokweza.

Amuna anakhala pakapinga. Amayi ophika anatsikira m'dziwe louma lija n'kuika mafuwa pamatailosi, poti munalibe mphepo, ndipo dziwelo linagwira ntchito koyamba chimangidwire. Eni nyumba ambiri anatseka makatani. Mayi wa nambala 2 anatuluka atavala chitenje n'kukwera kukakhala ndi anamfedwa. Mayi Malunga sanatuluke, koma wantchito wawo anabweretsa shuga ndi masamba a tiyi podzera kuseri, n'kunong'oneza mayi anu kuti bwana asadziwe. M'mawa mwake tinawatsitsa a Zuze njira yomweyo, n'kukawaika kumanda a paboma. Madzulo ndinabwezeretsa galasi, mabawuti onse asanu ndi atatu, n'kulipukuta.

Lachisanu ndinalandira kalata yachiwiri pamoyo wanga yondilola kuti ndisabwerenso. Anatipatsa masiku atatu. Katundu anali womanga kale.

Zaka zotsatira

M'khitchini mwa malume anu tinakhalamo miyezi isanu ndi iwiri, dzinja lonse, denga likudontha, utsi uli m'zofunda. Tadala, unkawerengera pakhomo ndi tochi, ndipo chaka chimenecho unabwereza kalasi. Sunandinenepo, koma unasiya kuseka nthabwala zanga, ndipo unali ndi ufulu. Chifuwa cha mayi anu chinayambira m'khitchini imeneyo. Adokotala pambuyo pake anatchula matenda ena a dzina lalitali, ndipo ine sinditsutsana ndi anthu amene anamaliza koleji. Koma ndimadziwa kumene anayambira kutsokomola. Ntchito yolembedwa sindinaipezenso. Ndinaika tebulo pafupi ndi msika n'kumalembera anthu makalata ndi mafomu, nyengo ya manachesi n'kumagulitsako manachesi. Mayi Nanyoni sanakhalitse Kumagalasi. Anthu anasiya kuwayankha moni, ndipo anabwerera ku Thambani kukachita lendi chipinda chimodzi. Nambala 6 ndi yotseka mpaka lero.

Ndinamva kuti sabata yomwe tinachoka, bambo Malunga anaitana wowotcherera zitsulo kuti awotcherere mabawuti a magalasi onse apamwamba, kuti zimene zinachitikazo zisadzachitikenso. Anali munthu wosasiya ntchito pakati.

Patapita zaka zitatu, m'mawa wina, galimoto inaima patsogolo pa tebulo langa. Munatuluka mayi Malunga, atamanga duku lakuda. Bambo Malunga anali atagwa kubafa n'kumwalira dzulo lake. Kwawo kunali kutali, ndipo anali asanapondeko zaka zambirimbiri. Mayiwo ankafuna kuti amuna awo agone m'nyumba mwawo, anthu awalire, ulendo usanayambe. Komiti inali itavomera kale, poti anali tcheyamani.

"Masitepe akana," anatero. "Akuti inu mukudziwa njira."

Ndinali ndi mayankho ambiri okonzeka, ena ndinawasunga zaka zitatu. Koma ndinakumbukira shuga uja. Ndinatseka tebulo, ndinadzera kunyumba kukatenga sipanala nambala 13, imene ndinaiwala kubweza mwadala, n'kukwera galimoto. Pakhonde la nambala 8 ndinagwada n'kupeza kuti mutu wa bawuti iliyonse ndi chibuluma cha chitsulo chosungunuka. Sipanala inalibe pogwira. Tinaitana wowotcherera yemwe uja kuti adule ndi makina. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, ndipo a Bwana analibe mafuta. Wina anati tiswe galasi, koma galasi lija ndi lokhuthala ngati njerwa, ndipo likanasweka zitsulo zake zikanatsalabe zitatchinga. Tinayesa mpaka dzuwa kupendeka.

Bambo Malunga anagona pansi, pashedi yoimikapo galimoto, pamalo pamene panalembedwa 8 ndi penti yoyera. Anawatchingira matenti m'mbali. Mayi Malunga anakhala pamphasa pasimenti ya madontho a oyilo, nyumba yawo ili pamwamba pawo, makatani ali otseka. Anthu anabwera ochepa, ndipo ankaimba motsitsa, mwina pozolowera. Ine ndinakhala ndi amuna pakapinga. Ndinkayembekeza kuti ndimva kukoma mumtima. Sindinamve kanthu, koma chisoni ndi kuwawa kwa mawondo.

Nyumba ino, imene tinamanga pang'onopang'ono ndi njerwa zoumba tokha, mukudziwa kuti anthu amaiseka chifukwa cha chitseko. Amati a Pulofesa anamanga khomo lolowera ng'ombe. Mmisiri anakana kawiri, akuti likuwononga maonekedwe. Ndinamuuza kuti aitane anyamata ake asanu ndi mmodzi, atatu uku atatu uku, anyamule thabwa pakati, alowe osapendeka. Atalowa, ndinati muyeso ndi umenewo. Masitepe palibe, ngakhale imodzi.

Oyamba kuliyesa khomolo anali mayi anu. Munalipo, munaona. Analowa bwinobwino osagunda paliponse, anagona pabalaza pawo, ndipo m'mawa anatuluka ngati mwini nyumba.

Yamikani, ndamva kuti ukufuna kulichepetsa, uikepo chitseko chamakono chagalasi. Ofesi yanga yaunika pempho lako. Dikira kaye ndidutsepo.